Kachipinda Kathina: Mmisiri Ayankha Makalata Anu

Wowulutsa: Lero tili ndi mmisiri wa matabwa, ndipo makalata amene tasankha onse akudandaula za kuthina kwa chipinda chogona. Yoyamba yachokera kwa mayi wa ku Ndirande. Akuti: "Timachita lendi nyumba ya chipinda chimodzi ndi balaza. Kuchipindako kuli bedi, masutikesi atatu, dengu la zovala ndi matumba awiri a chimanga. Podzuka m'mawa timachita kudumpha katundu. Tithandizeni." Bambo mmisiri, mayiwa atani?

Mmisiri: Zikomo mayi polemba. Musanagule kanthu, bwerekani tepi muyeze chipindacho. Tiyerekeze kuti ndi cha mamita 3 mbali zonse. Bedi la dabulo ndi masentimita 137 mulifupi ndi 188 mulitali. Mukaliika pakati, mumatsala ndi timipata tiwiri topanda ntchito. Likankhireni pakona, kuti mpata wonse ukhale mbali imodzi, ndipo musiye njira ya masentimita pafupifupi 60 yoti munthu adutse osapendeka.

Tsono malo aakulu amene ambiri timataya ali pansi pa bedi. Pitani kwa kalipentala akuikireni miyendo yotalikirapo, kuti pansipo pakhale mpata wa masentimita 35 kapena 40. Masutikesi atatu aja alowa onse. Koma apa ndimvetseni bwino mayi: musawakhazike pa simenti penipeni. Nthawi yadzinja pansi pamachita chinyontho, ndipo mukadzatsegula sutikesi mu Marichi mudzapeza chitenje chanu cha ku ukwati chachita chuku. Yalani timatabwa tiwiri, masutikesi akhale pamwamba pake kuti mphepo izidutsa. Mwezi uliwonse muziwasolola, musese, chifukwa mphemvu ndi nsikidzi zimakonda malo amdima osagwedezeka.

Chimanga chokha ndiye chituluke. Chimaitana makoswe, komanso ngati munathira mankhwala a anankafumbwe, si bwino kugona mukupuma fumbi lake. Pitani nacho pabalaza, pa matabwa, chosagunda khoma.

Wowulutsa: Yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Chinsapo. Akuti alandilodi anakaniza kukhoma msomali pakhoma, ndipo wadirobu siyingakwane. Zovala zake zimangokhala mulu pampando.

Mmisiri: Achimwene, alandilodi musakangane nawo, khoma ndi lawo. Pangitsani shelefu yoima yokha, yayitali kufika pafupi ndi denga koma yopapatiza, masentimita 30 kapena 35 basi. Matabwa a paini amakwana, ngopepuka ndipo mtengo wake sufanana ndi wa mlombwa. Zolemera monga mabuku ndi nsapato zikhale m'munsi, zopepuka m'mwamba, kuti isagwere munthu. Zitseko musaikepo. Chitseko cha wadirobu chimafuna malo ake otsegukira, pamene chitenje chopachika pa waya chimabisa zovala ku fumbi popanda kudya mpata. Kuseri kwa chitseko cha chipindanso kuli malo: owotcherera zitsulo amapanga tingowe tokoleka pamwamba pa chitseko, mopachikapo thaulo ndi jekete osaboola paliponse. Ndipo pepani achimwene, malaya a kaunjika amene simunawavale chaka chonse apatseni ang'ono anu.

Wowulutsa: Yomaliza yachokera ku Mzuzu. Mayi akuti ana awo atatu amagona chipinda chimodzi, akuganiza zogula bedi losanjikiza. Akufunsanso ngati m'miyezi yozizira angamasiye mbaula m'chipindamo kuti ana afunde.

Mmisiri: Ndiyambe ndi mbaula, chifukwa apa pali moyo wa ana. Ayi mayi, chonde musayese ngakhale usiku umodzi. Makala akamayaka amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndiponso wosanunkha. M'chipinda chaching'ono chotseka umadzaza msanga, munthu amangofooka ali m'tulo, osadzukanso. Ndikudziwa kuti Juni wa ku Mzuzu saseka ndi munthu, koma onjezerani bulangete, ana avale majuzi ndi masokosi, mbaula itsale panja.

Bedi losanjikiza ndi nzeru yabwino, ana awiri amagona pamalo a mmodzi. Pamwamba pazigona wamkulu, osati mwana wosakwana zaka 6, ndipo pakhale thabwa lotchinga mbali zonse loposa matiresi kutalika. Yezaninso kuti akakhala tsonga mutu usagunde denga, makamaka ngati nyumbayo ilibe siling'i, poti malata a mu Okutobala amawotcha. Pamwamba ndi pansi ponse pakhale neti yake, yopisiridwa bwino kunsi kwa matiresi. Wachitatuyo mupangitsireni kabedi kafupi kolowa pansi pa linalo, kosolola madzulo ndi kubwezera m'mawa, naye ndi neti yake. Poika bedilo muonetsetse kuti silikutseka zenera, kuti masana muzitsegula, mphepo ndi dzuwa zizilowa, zofunda ziziuma.