Kuona m'matumbo aang'ono: mmene Physics ikuthandizira pofufuza khansa

Tengani chingwe chotalika mamita 6, muchipindepinde mpaka chikwane m'poto wophikira ndiwo. Umu ndi mmene matumbo aang'ono akhalira m'mimba mwa munthu wamkulu. Ndi aatali pafupifupi mamita 6, koma mpata wake ndi wa masentimita awiri ndi theka basi. Amayambira pomwe chifu chathera, n'kukalumikizana ndi matumbo aakulu. Mu Biology munaphunzira kale kuti ali ndi zigawo zitatu, duodenum, jejunum ndi ileum, komanso kuti chakudya chogayika chimalowa m'magazi kudzera mmenemu.

Langa ndi funso la Physics. Chotupa chikamera pakati pa chingwe chopindika chimenechi, dokotala angachione bwanji popanda kung'amba mimba?

Kuwala sikukhota pakona

Ife a kuno ku Fort Lister timaziona tsiku ndi tsiku. Msewu wodutsa pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi ukakhota, galimoto imene ikubwera umayamba waimva kulira, koma kuiona mpaka itulukire. Phokoso limatha kuzungulira chitunda, pomwe kuwala kumayenda mowongoka. Vuto la madokotala linali lomweli. Mu 1868, Adolf Kussmaul wa ku Germany anayesa kusuzumira m'chifu ndi paipi yachitsulo yowongoka, ndipo amene anaimeza anali katswiri womeza malupanga pa zionetsero. Wodwala wamba akanatha? Ngakhale paipiyo inalowa, kuwala kunali kochepa kwambiri moti sanaone zambiri.

Yankho linachokera ku mutu umene ambiri a inu mumaudandaula m'kalasi: total internal reflection. Kuwala kukamachoka m'galasi kupita mumpweya, kumapindika. Koma kukafika pamalire mopendekera kwambiri, kupitirira critical angle, sikutulukanso ayi, konse kumabwerera mkati. Critical angle ya galasi ndi pafupifupi madigiri 42, ya madzi ndi 49. Tsono mukapanga kaulusi ka galasi kopyapyala kuposa tsitsi, kuwala kolowera mbali imodzi kumanka kugunda m'makoma mpaka kukatulukira mbali inayo, ngakhale kaulusiko katapindika.

Yesani nokha madzulo ano. Boolani kabowo m'munsi cham'mbali mwa botolo lapulasitiki loonekera mkati, dzazani madzi mutatseka bowolo ndi chala, kenako muunike ndi tochi kuchokera mbali inayo, molunjika pabowo. Chotsani chala muli mumdima. Muona kuwala kukutsatira madzi pamene akukhotera pansi, ndipo pomwe akugwera pakuwala.

Nzeru imeneyi inalowa m'chipatala kudzera mwa Basil Hirschowitz, dokotala wobadwira ku South Africa amene ankagwira ntchito pa University of Michigan ku America. Ulusi wake woyamba unkataya kuwala paliponse pamene wakhudzana ndi unzake. Amene anathetsa vutoli ndi Larry Curtiss, mnyamata amene anali asanamalize n'komwe digiri yake yoyamba ya Physics. Iye anakuta kaulusi kalikonse ndi galasi lina la refractive index yotsikirapo, kuti kuwala kuzibwerera mkati osathawa. Mu 1957 Hirschowitz anameza yekha chipangizocho asanachiyese pa wodwala. Ndiyo endoscope yopindika. Za masiku ano zili ndi kamera kunsonga, ndipo madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre amazigwiritsa ntchito kwambiri pofufuza khansa ya kummero, yomwe ndi yofala kuno ku Malawi kuposa m'mayiko ambiri.

Kamera yomeza ngati mankhwala

Endoscope wamba ili ndi polekezera pake. Yolowera kukamwa imafika ku duodenum, yolowera kumalo ochitira chimbudzi imafika kumapeto kwa ileum. Mamita angapo a pakatipo ankangokhala mumdima.

Mu 2000, Gavriel Iddan wa ku Israel ndi Paul Swain wa ku London pamodzi ndi anzawo anafalitsa zotsatira za chipangizo china mu magazini ya Nature, ndipo mu 2001 chinaloledwa kugwiritsidwa ntchito ku America. Ndi kapisozi wotalika mamilimita 26, wonenepa mamilimita 11. Mkati mwake muli lens, kamera, timagetsi ta LED, mabatire ndi kachipangizo kotumiza zithunzi pa radio waves. Wodwala amameza ndi madzi, matumbo eni ake n'kumamukankha monga amachitira ndi nsima. Akapisozi oyambirira ankajambula zithunzi ziwiri pa sekondi kwa maola pafupifupi 8, n'kumazitumiza ku kabokosi komwe wodwala wavala m'chiuno. Pamapeto pake kapisozi amatuluka ndi chimbudzi, ntchito yatha.

Koma kapisoziyu amangoona, sangadule kanyama koti akakayeze ku labu. N'chifukwa chake njira ina imene Hironori Yamamoto wa ku Japan anaifotokoza mu 2001 ndi yofunikanso. Iye anaika timabaluni tiwiri pa endoscope yaitali. Kamodzi kakafufuma kamagwira khoma la matumbo, kenako chipangizo chimasunthira kutsogolo, ndipo matumbo amakwinyikira pa icho ngati mmene umakwinyira mkono wa juzi. Palinso CT scan, imene imajambula thupi ndi X-ray kuchokera mbali zambiri, kompyuta n'kuphatikiza zithunzizo.

Bwanji osangoyeza aliyense?

Apa ndi pamene ambiri amadabwa. Zipangizo zilipo, koma palibe dziko limene limaitana anthu onse athanzi kuti adzayezedwe khansa ya matumbo aang'ono. Chifukwa chake si ndalama zokha, ndi masamu.

Khansa imeneyi ndi yosowa. Ku America imapezeka mwa anthu awiri kapena atatu pa 100,000 alionse pa chaka. Tsono tiyerekeze kuti tili ndi njira yoyezera yabwino zedi, imene imalakwitsa kamodzi kokha pa anthu athanzi 100. Tikayeza anthu 100,000, anthu pafupifupi 1,000 auzidwa kuti pali chokayikitsa chonsecho alibe khansa, pomwe odwala enieni ndi atatu okha. Anthu 1,000 amenewa asowa tulo, ayezedwanso kachiwiri, ena mpaka opaleshoni yosafunika. Komanso kapisozi nthawi zina amakakamira pomwe matumbo aphinjika, ndiye pamafunika kukamuchotsa. Mwaona? Kuyeza kukhoza kuvulaza anthu ambiri kuposa amene kwawathandiza.

Choncho madokotala amayang'anitsitsa anthu amene chiopsezo chawo n'chachikulu: a matenda a Crohn, ndi a matenda akumtundu monga Lynch syndrome, familial adenomatous polyposis ndi Peutz-Jeghers syndrome. A matenda awiri omalizawa amaunikidwa m'matumbo pafupipafupi ngakhale asakumva kupweteka.

Yerekezani ndi khansa ya khomo la chiberekero. Imeneyi ndiyo imapha amayi ambiri ku Malawi kuposa khansa ina iliyonse, malo ake amaoneka mosavuta, ndipo imayamba ndi kusintha kumene kumachizika. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, malo odwala amayera, ndipo nthawi zambiri chithandizo chimaperekedwa tsiku lomwelo. Apa kuyeza anthu ambiri kumapulumutsadi miyoyo. Kuyambira mu 2019 atsikana akulandiranso katemera wa HPV m'dziko lonse. Akumbutseni amayi ndi azakhali anu kukayezetsa.

Kafukufuku wa mankhwala

Khansa ya matumbo aang'ono ikapezeka isanafalikire, chithandizo chachikulu ndi opaleshoni: amadula chigawo chodwalacho n'kulumikiza mbali zotsala. Funso limene lavuta kwa zaka zambiri ndi lakuti, opaleshoni ikatha, kodi chemotherapy imathandiza kuti khansa isabwerere? Pa khansa ya matumbo aakulu yankho linapezeka kale chifukwa odwala ndi ambiri. Pa iyi, chipatala chimodzi sichingapeze odwala okwanira kuti masamu ake akhale odalirika. N'chifukwa chake kafukufuku wotchedwa BALLAD anaphatikiza zipatala za ku Britain, France ndi Japan. Mutu umodzi susenza denga.

Kayendetsedwe kake n'kofanana ndi practical yathu ya mu labu: umasintha chinthu chimodzi, zina zonse zikhale chimodzimodzi. Odwala amagawidwa m'magulu mwa maere a kompyuta, osati mwa kufuna kwa dokotala. Ena amalandira chemotherapy, ena amangowunikidwa, kenako amawatsatira kwa zaka. Popanda maere, dokotala akhoza kupereka mankhwala kwa odwala amphamvu okhaokha, mankhwalawo n'kuoneka ngati abwino pomwe anthuwo akanachira kale. Ndipo palibe amene amalowetsedwa mokakamiza. Kuno kwathu, kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti monga National Health Sciences Research Committee kapena COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo munthu ali ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira.

Zoti mupite nazo kunyumba

Popeza khansa imeneyi sayezera aliyense, zizindikiro ndizo zimautsa nkhani, ndipo ambiri amapezeka nayo mochedwa chifukwa zizindikirozo zimafanana ndi za matenda ena. Izi ndi monga m'mimba mopweteka kwa masabata, kuonda popanda chifukwa, kusanza pafupipafupi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, ndi kuchepa magazi kosatha. Musachite mantha, kwathu kuno zoterezi nthawi zambiri zimabwera ndi zilonda zam'mimba, njoka zam'mimba kapena TB. Koma agogo kapena bambo akamwa mankhwala osasintha, abwererenso kuchipatala akanene momveka kuti vuto layamba liti. Achipatala cha Phalombe akaona kuti pakufunika kuunika mkati, amatumiza ku chipatala chachikulu.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Choyamba, kapisozi wojambula zithunzi ziwiri pa sekondi kwa maola 8 amatumiza zithunzi zingati zoti dokotala aziwerenge? Chachiwiri, pogwiritsa ntchito sin c = 1/n, pezani critical angle ya madzi ngati n ndi 1.33. Chachitatu, bwerezani masamu a anthu 100,000 aja, koma matendawo akhale opezeka mwa anthu 2,000. Kodi kuyeza aliyense kwayamba kumveka? Lembani mayankho anu m'munsimu, muonetse njira yonse.