Nyumba Ndaikonda, Koma Wogulitsa Ndi Mkulu wa Mpingo

Azakhali,

Ine ndi amuna anga takhala tikusunga ndalama kwa zaka zambiri, iwo akugwira ntchito ku Johannesburg, ine ndikuchita geni kuno. Tsopano mkulu wina wa mpingo wathu akugulitsa nyumba ku Area 49, yopentedwa kumene, matailosi ali mbee. Achimwene anga akuti tipeze kaye katswiri aiyendere, koma bambo a kunyumba akuti kumeneko n'kutaya ndalama, ndiponso n'kunyoza munthu wa Mulungu. Eni akewo akuti pali enanso akuifuna, choncho tipereke theka la ndalama sabata ino. Ndimvere ndani?

Mayi wothedwa nzeru, Lilongwe

Mayi,

Mverani achimwene anuwo. Musatulutse ngakhale tambala nyumbayo isanaonedwe ndi munthu wodziwa zomangamanga amene mwamusankha ndi kumulipira nokha. Tsiku limene mudzasainirane, chilema chilichonse cha nyumbayo chidzasanduka chanu, ndipo amene adzagone m'menemo mvula ikamagwa ndinu ndi ana, osati amene ali ku Joni.

Nkhani ya ulemu ndiyo ikukuvutani kwambiri, tsono tiyambe nayo. Amuna anu akuona ngati kuitana katswiri n'kunena kuti mkuluyo ndi wabodza. Koma munthu angathe kukhala woona mtima kotheratu n'kukugulitsanibe nyumba yowola, chifukwa iyenso sadziwa zili mkati mwa khoma lake. Nyumba zambiri m'matauni mwathu muno zimamangidwa pang'onopang'ono, maziko chaka chino, khoma chaka cha mawa, denga ndalama zikadzapezeka, ndipo amisiri amasinthasintha. Mwini wake amakhala ali ku ntchito pamene anyamata akusakaniza simenti ndi mchenga, ndipo tonse tikudziwa kuti si thumba lililonse logulidwa limene limathera pa nyumbapo. Pulasitala akangomatidwa, palibe angadziwe ndi maso ngati njerwa zinamangidwa ndi simenti kapena dothi, ngati pansi anayala pulasitiki yotchinga chinyezi, kapena ngati pamwamba pa mawindo panadutsa konkire ya zitsulo yomanga khoma lonse pamodzi. Chimene chikupimidwa apa ndi nyumba, mtima wa mkuluyo palibe akuukhudza.

Pentiyo isakutengeni mtima. Wogulitsa aliyense amapenta, si mlandu, koma penti yatsopano imabisa zinthu kwa miyezi ingapo basi. Katswiri weniweni amakwera m'siling'i ndi tochi n'kumagogoda mitengo ya denga umodziumodzi. Chiswe chimadya thabwa mkati n'kusiya khungu lokha, moti kunja limaoneka lamoyo koma ukalibaya ndi msomali umangolowa ngati m'chinangwa chophika. Ali komweko amaona kuwala kolowera m'mabowo a malata ndi madontho akale pa mabolodi. Akatsika amayang'ana ming'alu, ndipo si yonse yoopsa. Kamng'alu kopyapyala ka pa pulasitala n'kongomata. Koma mng'alu wochokera pa ngodya ya windo kapena chitseko, wotsika mopingasa kutsata mizere ya njerwa, makamaka ngati zitseko za mbali imeneyo zikukana kutsekeka, umanena kuti maziko akusuntha. Zimenezi n'zofala pa dothi la makande, limene limafufuma nthawi ya dzinja n'kuphwa nthawi ya chilimwe, ndipo mng'alu wotere ukaumata umabweranso chaka chamawa. Mawaya a magetsi, mapaipi ndi dzenje la zonyansa nazonso amaziona.

Palinso malo enieniwo, amene sangakonzedwe ndi ndalama iliyonse. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira, madzi n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche ku Blantyre, matope n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe, zolimba ndi zofooka zomwe. Funsani oyandikana nayo nyumbayo kuti madzi amadutsa pati mvula ikakula. Iwo alibe chogulitsa, adzakuuzani.

Za kutaya ndalama, n'zoona kuti katswiri sayendera nyumba ulere, ndipo mwina adzapeza kuti zonse zili bwino. Koma malipiro ake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa nyumba, pamene kusasula denga lonse kapena kukumbanso maziko kungadye ndalama zimene simudzakhala nazo mutangomaliza kugula. Akapeza zolakwika zokonzeka, lipoti lakelo ndi limene mudzatsitsire mtengo popanda kukangana, chifukwa wolankhula adzakhala pepala. Musatenge mmisiri wachibale amene akuyembekeza kupatsidwa ntchito yokonza, kapena wobwera ndi wogulitsa kaya dobadoba. Pezani injiniya wolembetsedwa ku Malawi Engineering Institution, ndipo zimene wapeza alembe. Ena amati ngati banki yatumiza munthu wake ndiye kuti zatha, koma ameneyo ntchito yake n'kuyerekeza mtengo kuti banki isaluze, osati kukwawa m'denga.

Mapepala nawo ayenderedwe. Loya akafufuze ku kaundula wa Unduna wa za Malo ngati dzina la pa chikalata cha umwini ndi la amene akugulitsayo, ndiponso ngati nyumbayo sinaperekedwe chikole ku banki. Ngati malowo ndi a Malawi Housing Corporation, akafunse komweko. Aonenso ngongole za msonkho wa ku khonsolo ndi za madzi ku Lilongwe Water Board.

Chotsala ndi changu. Sindikunamizani, n'kutheka kuti ogula enawo alipodi ndipo nyumbayo ingakupulumukeni. Komabe kuyendera nyumba ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri, ndipo wogulitsa amene alibe chobisa sataya kanthu podikira pang'ono. Ngati akufuna chitsimikizo choti simukusewera, ndalama ya chikole isungidwe ndi loya, ndi pangano lolembedwa loti idzabwezedwa pakapezeka vuto lalikulu. Akakana zimenezi, kapena akakana kuti munthu akwere m'denga, mwadziwa zokwanira, isiyeni. Ndipo ngati amuna anu akuopadi kusokoneza ubale wa kumpingo, aganizire za Lamulungu lililonse limene mudzakhale mukuyang'anizana ndi mkuluyo khoma litang'aluka, mukufuna ndalama zanu iye atadya kale.

Kwa mkuluyo musapite nokha. Mutengane ndi achimwene anu, ndipo iwo anene mwaulemu kuti popeza eni ndalama ali kutali, banja lagwirizana kuti katswiri aone nyumbayo ndi kutumiza lipoti ku Johannesburg ndalama zisanatuluke. Amuna anu muwaimbire usiku uno, muwapemphe sabata imodzi yokha.

Azakhali