Area 47, Mtandire kapena Kawale? Mmene mungayerekezere madera oyandikana musanasamuke mu Lilongwe

Munthu akamasaka nyumba mu Lilongwe amayamba wafunsa lendi, kenako dzina la dera. Akamva kuti nyumbayo ili ku Area 47 mtima umakhala pansi, akamva kuti ili ku Mtandire amayamba kukayika. Komatu pakati pa madera awiriwa pangodutsa mtsinje wa Lingadzi, ndipo mbali zonse ziwiri kuli nyumba zimene zingakusungeni bwino ndi zina zimene zingakusautseni. Lendi ndi dzina la dera sizikuuzani kuti muzidzuka nthawi yanji, madzi azituluka liti, kapena mwana azidutsa pati popita kusukulu mvula ikagwa. Malangizo awa ndi okuthandizani kuika madera awiri kapena atatu pamodzi n'kuona mtengo weniweni wokhala kulikonse.

Nambala ya dera isakusocheretseni

Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange mzinda watsopano, ndipo Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Okonza mapulani anagawa mzindawu m'magawo: a mapuloti akuluakulu monga Area 10, 12 ndi 43, a nyumba zapakatikati monga Area 18, ndi ena oti anthu azidzimangira okha monga Area 25. Pakati pa magawowa anasiya mitunda yaitali ndi nkhalango, n'chifukwa chake mzindawu ndi wotambalala chonchi. Pofika kalembera wa 2018 munali anthu 989,318, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera othithikana monga Chinsapo, Mgona, Kauma ndi Area 36.

Manambala a madera sanatsate mmene malowo anayalidwira. Area 23 ndi Area 24 zili chakumwera kwa mzinda, pamene Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo. Area 47 ili pafupi ndi Old Town kuposa Area 25. Mlendo amene wapeza ntchito ku Kanengo n'kuchita lendi ku Area 24 poganiza kuti 24 ndi 25 n'zoyandikana, azidutsa mzinda wonse m'mawa ndi madzulo. Choncho musanayerekeze madera, funsani amene amayendamo kuti malowo ali kuti kwenikweni, kapena muone pa mapu a pafoni.

Yambani ndi maulendo a banja lanu

Khalani pansi ndi onse a m'nyumba, mulembe kumene aliyense amapita pa sabata: kuntchito, kusukulu, kogula katundu wa geni, kutchalitchi kapena kumzikiti. Kenako muone kuti kuchokera kudera lililonse ulendowo ukufuna minibasi zingati.

Apa muyenera kukumbukira Msika wa Lilongwe. Minibasi zambiri za m'madera zimathera kudepoti pafupi ndi msikawu, m'mbali mwa msewu wa Malangalanga. Ngati kwanu ndi kuntchito sizili pa mzere umodzi, muzitsika m'tauni n'kukweranso ina. Tiyerekeze kuti ulendo umodzi ndi K2,000. Kupita ndi kubwera masiku 22 ndi K88,000 pamwezi. Zikakhala minibasi ziwiri, ndalamayo ifika K176,000 kwa munthu mmodzi yekha. Nyumba imene yatsika lendi ndi K60,000 koma ikukuonjezerani minibasi imodzi, yakudyerani ndalama.

N'chifukwa chake mayi wogulitsa mumsikawu kapena pa msika wa Tsoka amapindula kukhala ku Mchesi, Biwi kapena Kawale, kumene angayende wapansi. Wogwira ntchito m'makampani a ku Kanengo amapepukidwa akakhala ku Area 25, pamene wa ku Capital Hill kapena City Centre amapeza Area 18 ili pabwino. Madera a mapuloti akuluakulu ali ndi vuto lake: mkatikati mwa Area 10, 43 kapena 9 minibasi sizilowalowa. Mungapezeko boyizikota yotsika mtengo, yabata, ya madzi osavuta, koma ngati mulibe galimoto muziyenda mtunda wautali kukafika pasiteji kapena muzilipira kabaza tsiku lililonse.

Ulendowo muuyese nokha tsiku la ntchito, cha m'ma 6:30 m'mawa ndiponso poweruka. Misewu ina yakulitsidwa, monga wa Kenyatta ndi mphambano ya pa Area 18, koma pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town ndi m'njira zolowera m'tauni magalimoto amachuluka nthawi zimenezi. Mtunda umene Lamulungu masana ndi wa mphindi khumi ungakutengereni nthawi yochuluka Lolemba m'mawa.

Madzi: funsani wotunga, osati mwini nyumba yekha

Madzi a Lilongwe Water Board amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, ndipo amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Koma safika mofanana paliponse. Nyumba ya pamtunda kapena ya kumapeto kwa paipi ingamalandire madzi usiku wokha, pamene ya kumunsi m'dera lomwelo ikulandira tsiku lonse. Vutoli limakula m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Mukafika panyumba tsegulani mpopi nokha. Yang'anani pakhonde la aneba: mukaona zigubu ndi madiramu ali mbwee, mwadziwa kale yankho. Funsani amayi amene akuchapa panja kuti madzi anasiya liti komaliza, ndipo akasiya amakatunga kuti. Ngati deralo limadalira mipopi yogulitsa madzi, funsani mtengo wa ndowa imodzi, nthawi yotsegula ndi kutalika kwa mzere. Ngati mita ndi imodzi ya nyumba zingapo, mumvetsetse kagawidwe ka bilu musanalowe, chifukwa mikangano yambiri ya pa mdadada imayambira pamenepo. Muonenso ngati amene akutuluka m'nyumbamo sanasiye ngongole.

Magetsi nawonso chimodzimodzi. Mita yanuyanu yogulira mayunitsi ndi yabwino kuposa yogawana. Madera oyandikana angathe kukhala pa mizere yosiyana ya ESCOM, kotero funsani wa chigayo kapena wometa tsitsi wa pafupi, pakuti iwo magetsi akathima ntchito imaima ndipo sangakubisireni.

Onani malowo ndi maso a nthawi ya mvula

Nyumba zambiri zimakongola mu Ogasiti, msewu uli gwa, pabwalo pali mbee. Chilungamo chake chimaoneka mu Januwale ndi Febuluwale. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuononga nyumba ku Mtandire, ndipo mu Disembala chaka chomwecho madzi osefukira anavutitsanso anthu ku Kawale, Biwi ndi Mchesi. Sikuti madera onsewa ndi oopsa. Zoopsa ndi nyumba zimene zili m'mphepete mwa mitsinje, m'madambo ndi m'njira za madzi, ndipo zoterezi zilipo ngakhale m'madera otchuka.

Ngati mukusaka nyumba m'chilimwe, zizindikiro zilipo. Yang'anani munsi mwa khoma ngati muli mzere wa chinyezi kapena penti yosupuka. Onani ngati khomo lili pansi kuposa msewu, ngati pakhomo anamangapo kakhoma kotchinga madzi, ndiponso ngati ngalande ya kutsogolo ndi yotseguka kapena yadzaza zinyalala. Penti yatsopano munsi mwa khoma mokha iyenera kukupatsani mafunso. Funsani wa kabaza ngati amafika pakhomopo mvula ikagwa komanso ngati mtengo umakwera. Onaninso kamlatho kamene ana azidutsa popita kusukulu. Kakakhala ka mitengo pa mtsinje wothamanga, limenelo likhale vuto lalikulu kuposa kusiyana kwa lendi.

Chimbudzi ndi zinyalala

Gawo laling'ono chabe la mzindawu ndi limene lili ndi mapaipi otengera zonyansa kutali. Nyumba zambiri zimadalira thanki yokumba pansi kapena chimbudzi chokumba. Funsani kuti thankiyo inapopedwa liti ndipo ikadzaza amalipira ndani. Ngati pali chitsime, onani kutalikirana kwake ndi chimbudzi, chanu ndi cha aneba. Ngakhale kumene kuli mapaipi muonetsetse, pakuti m'madera akale mapaipi ena anatha. Mu 2017 anthu a ku Area 18 anatunga madzi osakanikirana ndi zonyansa, nkhani imene inafika mpaka kukhoti. Mukaona madzi onunkha akuyenda mumsewu, musaganize kuti ndi za tsiku limenelo lokha. Funsaninso ngati zinyalala zimatengedwa ndi galimoto, zimalipiridwa, kapena aliyense amakumba dzala lake.

Chitetezo ndi anthu okhala nawo

Mpanda wautali si umboni wa chitetezo. M'madera a mipanda munthu angakuwe usiku popanda womumva, ndipo ambiri amalipira mlonda. M'madera othithikana aneba amatuluka msanga, koma kuba zovala pachingwe ndi kulanda mafoni m'tinjira ta mdima n'kosasowa. Pitani kuderalo kukada, muli awiri kapena atatu, muyende kuchokera pasiteji kukafika panyumbapo. Muone ngati njirayo ndi yowala, ngati anthu akuyendabe, ndiponso ngati pafupi pali malo omwera mowa amene nyimbo zake zizikugonetsani mochedwa. Funsani ngati kuli achitetezo a m'dera oyenda usiku, ndalama imene khomo lililonse limasonkha, ndi polisi yapafupi, kaya ndi ya Lingadzi, Kawale kapena Kanengo.

Musaiwale za tsiku la mavuto. M'madera ambiri muli amfumu kapena atsogoleri a mabuloko amene amayendetsa za maliro ndi kuweruza timilandu. Kukhala pafupi ndi abale, anzanu a mumpingo kapena a banki m'khonde kuli ndi phindu limene silioneka papepala, koma mwana akadwala pakati pa usiku ndi pamene mumalizindikira.

Sukulu, chipatala ndi msika

Yerekezani mtunda wokafika kusukulu ya pulayimale, ndipo mukaone nokha kuchuluka kwa ana m'kalasi. Pa zachipatala, Kawale, Area 18 ndi Area 25 kuli zipatala zazing'ono za boma, ku Old Town kuli Bwaila, ndipo a ku Chinsapo ali pa msewu wopita kuchipatala cha mishoni cha Likuni. Matenda aakulu amatumizidwa ku Kamuzu Central. Banja limene lili ndi mayi woyembekezera, nkhalamba kapena wodwala shuga liike nkhaniyi patsogolo.

Msika wa pafupi nawo umasintha bajeti. Kumene kuli msika waukulu monga wa Nsungwi ku Area 25 kapena Wakawaka, ndiwo, makala ndi chimanga zimapezeka mosavuta, ndipo chigayo sichisowa. M'madera a mapuloti akuluakulu mungafunike ulendo kuti mugule tomato. Ngati mumadalira geni ya pakhomo, monga mandasi, mafiriziyesi kapena kusoka, khalani kumene kumadutsa anthu, chifukwa kuseri kwa mpanda makasitomala sabwera.

Musanatulutse ndalama

Eni nyumba ambiri mu Lilongwe amafuna lendi ya miyezi itatu poyamba, ndipo wokupezerani nyumba amafunanso yake. Musapereke kalikonse musanalowe m'nyumbamo ndi kukumana ndi mwini wake weniweni. Safunsa anadya phula: aneba ndi amene angakuuzeni mwini nyumbayo, chimene chinasamutsa amene analipo, ndiponso ngati lendi imakwera pafupipafupi. Mgwirizano ulembedwe, usonyeze lendi, tsiku lolipira, nthawi ya notisi, ndi amene azikonza zoonongeka. Jambulani nambala za pa mita ya madzi tsiku lolowa, ndipo muzisunga malisiti.

Ngati mukufuna kugula puloti, chenjerani koposa. Malo a mumzinda ena ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, ena Malawi Housing Corporation, ena Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe. Kalata ya amfumu yokha siitsimikizira kuti malowo sali pa msewu wamtsogolo, pansi pa mawaya a magetsi kapena m'dambo loletsedwa. Kafufuzeni mapepalawo kuofesi yoyenera. Ndi nzerunso kuchita lendi m'deralo mpaka mvula itadutsa musanagule.

Ikani zonse papepala limodzi

Tengani pepala, mulembe madera anu pamwamba. M'munsi mwa lililonse muike lendi, thiransipoti ya banja lonse pamwezi, madzi, magetsi, makala, ya chitetezo, ya zinyalala ndi fizi ngati ana asintha sukulu. Phatikizani. Pambali mulembe zimene ndalama singayeze: nthawi yothera panjira, ngozi ya madzi osefukira, mtunda wa kuchipatala ndi anthu amene angakuthandizeni.

Dera lililonse lili ndi chokoma ndi chowawa chake, ndiye gwirizanani monga banja zinthu ziwiri zimene simungalolere, mwina madzi odalirika ndi njira yabwino ya ana. Dera limene lalephera pa ziwirizi lichotseni ngakhale lendi yake ikhale yokopa. Pa otsalawo sankhani limene ndalama zake zonse pamodzi mungazikwanitse mwezi umene zinthu sizinayende bwino. Ndipo amene amatunga madzi, kuphika ndi kuperekeza ana akhale ndi mawu aakulu pa chisankhocho, pakuti ndiwo amene adzasenze ubwino kapena kuipa kwa deralo tsiku ndi tsiku.