Kuima Bwino Pomenya Mpira wa Gofu

Anzanga ena pano pa Ludzi anandiseka nditawauza kuti pa tchuthi chapitachi ndinagwirako ndodo ya gofu. Iwo ati masewera amenewa ndi a anthu achuma okhaokha. Nzoonadi kuti kale lija, pamene Mchinji ankatchedwa Fort Manning ndipo Chipata ankatchedwa Fort Jameson, gofu anali wa Azungu, ndipo anthu athu ntchito yawo inali kuwanyamulira zikwama. Alongo anga amagwira ntchito yomweyo ku Lilongwe, ndipo ina ya fizi yanga imachokera m'thukuta lawolo. Tsono mundilole ndilembe zimene iwo anandiphunzitsa.

Bwalo lathunthu la gofu limakhala ndi maenje 18. Kampira kake ndi kakang'ono, kolemera pafupifupi magalamu 46, ndipo wosewera saloledwa kutenga ndodo zoposa 14. Wopambana ndiye amene watsiriza maenje onse atamenya kampirako kochepa kuposa anzake.

Ine ndinkayesa kuti chofunika ndi mphamvu za manja. Tsiku loyambalo ndinakweza ndodo monga wowaza nkhuni, ndi kuitsitsa ndi ukali wonse. Ndodo inakumba dothi, ine dzandidzandi mpaka pansi khu! Kampira kali phee pamalo pake. Alongo anga atatha kuseka anati, "Achemwali, gofu ali m'mapazi. Kodi posinja mumaima chotani?"

Funso limeneli linanditsegula m'maso, pakuti mtsikana aliyense adziwa kuti ukaphatikiza miyendo pa mtondo, musi umakukoka ndipo chimanga chimatayika. Pa gofu ndi chimodzimodzi. Mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, maondo apindike pang'ono, ndipo thupi liwerame kuyambira m'chiuno, msana osakhota. Kulemera kwa thupi kukhale pakati pa phazi. Kukakhala ku zala mudzagwa chafufumimba; kukakhala ku zidendene mudzabwerera m'mbuyo, ndipo ndodo idzaphonya.

Chovuta chenicheni chili apa. Munthu wa dzanja lamanja akamakweza ndodo, mapewa amatembenuka ndipo kulemera kumasamukira ku mwendo wamanja, koma mutu usayendeyende. Potsitsa, chiuno ndicho chiyamba kubwerera, manja ndi kutsatira, ndipo kulemera konse kumapita ku mwendo wamanzere. Ine kulakwa kwanga kunali kuyamba ndi manja, thupi lili m'mbuyo. Mukamenya bwino mudzapezeka mutaima nji pa phazi lamanzere, chidendene chamanja chili m'mwamba, chifuwa chitayang'ana kumene kampira kapita.

Alongo anga anandipatsa muyeso: ndikamenya ndiime chomwecho ndi kuwerenga mpaka katatu osasuntha phazi. Ndikalephera, ndiye kuti ndinamenya mopitirira mphamvu imene miyendo yanga ingathe kuisunga. Panapita masiku anayi ndisanafike pa katatu, ndipo tsiku limenelo kampira kanauluka ndithu, ngakhale kanakagwera m'tchire.

Pano ndodo ndilibe, kotero ndimayeserera ndi mpini wa khasu kuseri kwa nyumba yogona Loweruka tikatha kuchapa. Wofuna kuyesa abwere, koma aime patali ndi mazenera.