NDIWO YA MATIMATI YOSAPHIKA

Inu amai a ku Petauke ndi ku Nyimba, m'nyengo ya cirimwe madimba anu amabala matimati ocuruka, kotero kuti ena amaolera m'madengu pambali pa mseu waukuru wa ku Lusaka. Tamverani tsono njira yina yowadyera.

Matimati anacokera ku America. Anthu a ku Mexico anali kuwasanganiza ndi tsabola Aspanya asanalande dziko lao m'caka ca 1521. Ndiwo yotere lero amaichula salsa. Abale athu a ku Malawi amati sumu. Ubwino wace ndi uwu: m'matimati muli vitamini C, amene amalimbitsa nkhama ndi kupoletsa zironda, koma pophika wambiri amaonongeka.

Tengani matimati 4 akupsa koma olimba, anyezi mmodzi ndi tsabola mmodzi. Muziduledule tating'onoting'ono, muthire mcere pang'ono, mufinyiremo ndimu, ndi kusanganiza bwino. Imakoma ndi nsima ndi nsomba yooca, kapena pambali pa nyemba.

Koma cenjerani! Popeza ndiwoyi siona moto, tizirombo ta matenda timakhalamo tamoyo. Tsabola ndi ndimu sizitha kutipha tonse. Kumbukirani kuti kolera wa m'zaka za 2023 ndi 2024 anapha anthu oposa 700 m'Zambia muno. Cifukwa cace yambani mwasamba m'manja ndi sopo. Tsukani matimati, mpeni ndi mbale m'madzi owiritsa kapena othira klorini. Bvundikirani, kuti nchenche zingaterepo. Yotsala musaigoneke; idyedwe tsiku lomwelo.