Makampani awiri akaphatikizana, amapindula ndani?



Nyengo ya manachesi, imani pamsewu wa ku Zobue muone. Ogulitsa ndi ambirimbiri, ndipo mayi mmodzi akakweza mtengo, wogula amangosendera pa dengu lotsatira. Palibe amene angalamule mtengo payekha. Koma mukafuna mayunitsi a foni, m'thumba mwanu muli Airtel kapena TNM basi. Msika wotere, wa ogulitsa owerengeka pa zala, akatswiri a zachuma amautcha oligopoly. Mumsika uwu aliyense amachita malonda akusuzumira mnzake, chifukwa chimene mmodzi wachita chimakhudza phindu la onse.

Funso lathu ndi ili: makampani awiri mwa ochepawa akaphatikizana n'kukhala imodzi, kodi phindu lawo limakula? Ambiri mungayankhe msanga kuti inde. Tiyeni tiwerengere kaye, potsata njira ya Augustin Cournot, katswiri wa masamu wa ku France, ya m'chaka cha 1838.

Tiyerekeze makampani atatu a simenti, ofanana pa zonse. Katundu akachuluka pamsika mtengo umatsika, ndiye tinene kuti phindu la pa thumba limodzi ndi K120 kuchotsa chiwerengero cha matumba onse amene afika pamsika. Manambalawa ndi ongophunzirira. Kampani iliyonse ikasankha kuchuluka kwa katundu koiyenera poona zimene anzake akuchita, imabweretsa matumba 30. Onse pamodzi ndi 90, phindu pa thumba ndi K30, ndipo iliyonse imapeza K900.

Tsopano awiri aphatikizana. Atsala makampani awiri, iliyonse ikubweretsa matumba 40. Onse pamodzi ndi 80, phindu pa thumba lakwera kufika K40, ndipo iliyonse ikupeza K1,600. Taonani bwino apa. Ophatikizana aja ali paokha amapeza K1,800 mukawonkhetsa. Lero akugawana K1,600. Ataya K200. Koma wachitatu uja, amene sanasaine pepala lililonse, wachoka pa K900 kufika pa K1,600. Chifukwa chake n'chakuti kampani yatsopanoyo imachepetsa katundu kuti mtengo ukwere, ndipo wakunjayo amapezerapo mpata wowonjezera wake. Salant, Switzer ndi Reynolds anaonetsa zimenezi mu 1983: pa chitsanzo chosavuta ngati ichi, kuphatikizana kumapindulitsa pokhapokha makampani pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi alionse alowamo. Ndipo wogula? Matumba achepa ndi 10, mtengo wakwera ndi K10. Iyeyu ndiye waluza kwenikweni.

Nanga bwanji makampani amaphatikizanabe? Mu 2015 National Bank inagula Indebank, ndipo FDH inagula Malawi Savings Bank. Chitsanzo chathu chasiya chinthu chimodzi chachikulu: ndalama zoyendetsera ntchito. Banki ikagula inzake imatha kutseka nthambi zoyandikana, kugwiritsa ntchito makompyuta amodzi, ndi kufika kumaboma kumene sinaliko. Ndalama zopulumutsidwazo zikaposa K200 ija, kuphatikizana kwapindula. Kaya wogula adzalawako gawo lake, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ine ndimakayikira pamene opikisana atsala ochepa kwambiri.

Yesaninso pamene awiri otsalawo aphatikizana. Kampani imodzi yokha imabweretsa matumba 60, phindu pa thumba K60, zonse K3,600, kuposa K3,200 ya poyamba. Apa palibenso wakunja wodzaza mpata. N'chifukwa chake Competition and Fair Trading Commission, yomwe inabadwa ndi lamulo la 1998, imaunika kuphatikizana kwa makampani m'dziko muno, ndipo bungwe la COMESA loona za mpikisano, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe, limaunika kokhudza maiko angapo. Kwa ife Asilamu nkhaniyi si yachilendo. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) analetsa ihtikar, kubisa katundu mwadala kuti anthu avutike mtengo ukwere, ndipo m'mizinda ya Chisilamu munkakhala muhtasib, woyendera misika ndi masikelo.

Ntchito ya kunyumba: makampani akhale anayi, iliyonse ikubweretsa matumba 24. Pezani phindu la iliyonse. Kenako awiri aphatikizane, mufananize ndi K900 ija, ndipo mulembe amene wapindula ndi amene waluza. Mayankho mubweretse Lolemba.