Kodi Mwana Angawete Chule Wotani?

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wa zaka 7 akufuna kuweta chule. Kodi wosavuta ndi uti, nanga sangamudwalitse? — Kholo

YANKHO: Chule wosavuta kwa ongoyamba kumene ndi White's tree frog wa ku Australia ndi New Guinea. Ndi wofatsa, amadya nkhululu zamoyo, ndipo amakhala zaka zoposa 10. Komabe, achule amanyamula tizilombo ta Salmonella ngakhale azioneka athanzi. Choncho:

- Ana osakwana zaka 5 asamagwire chule.
- Mwana azisamba m'manja ndi sopo akagwira chule kapena bokosi lake.
- Bokosilo lisamatsukidwire kukhitchini.
- Madzi a chule asakhale ndi klorini, popeza chule amayamwa madzi kudzera pakhungu.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba, kusanza kapena kutentha thupi, makolo apite naye kuchipatala msanga.